Mmene mungapezere lamulo pa foni n'kutsimikiza kuti likugwirabe ntchito

Funso limene limabwera mobwerezabwereza kwa ife othandiza anthu pa nkhani za malamulo kuno ku Mulanje ndi Thyolo ndi lakuti: "Kodi zimene andiuzazi zilimodi m'malamulo?" Wofunsayo amakhala mayi wothyola tiyi amene wauzidwa kuti ntchito yatha ndipo palibe chake, kapena wamasiye amene achibale a malemu akufuna kusasula malata ngakhale nyumbayo ili pa malo a kwawo kwa mkaziyo, kapena mnyamata wa kabaza amene mnzake wagona kupolisi masiku anayi. Masiku ano ambiri amafika atanyamula kale yankho m'foni, chithunzi cha tsamba la lamulo chimene wina anaponya pa gulu la WhatsApp. Zina mwa zithunzizi zimakhala zolondola. Zambiri zimakhala za malamulo a dziko lina, kapena a kwathu konkuno koma amene anasinthidwa kalekale.

N'chifukwa chake talemba njira yonse pamalo amodzi. Kupeza lamulo pa intaneti sikuvuta. Chimene chimagwetsa anthu, ngakhale ophunzira, ndi kudziwa ngati mawu amene akuwerengawo ndi amene khoti lingagwiritse ntchito lero. Zimenezo zili pa sitepe 4, ndipo mukakhala ndi nthawi yochepa, musalumphe pamenepo.

1. Lembani nkhani yanu m'kope musanagule bandulo

Lembani zinthu zinayi: chachitika n'chiyani, tsiku liti, wachita ndani, ndiponso mapepala amene muli nawo. Pa nkhani ya ntchito, mapepalawo ndi kalata yolembedwera, mapepala a malipiro, kalata yochotsedwera ndi nambala yanu ya pa esiteti. Tsiku lisakhale la "dzinja lija". Likhale tsiku, mwezi ndi chaka. Ngati mwaiwala, yang'anani uthenga wa malipiro omaliza pa Mpamba, pa Airtel Money kapena wa kubanki.

Kenako nkhaniyo muipezere dzina la lamulo lake. Malamulo athu amalembedwa m'Chingerezi, choncho mayinawa muwalembe monga momwe alili. Za kulembedwa ndi kuchotsedwa ntchito zili mu Employment Act ya 2000, za mabungwe a ogwira ntchito ndi sitalaka zili mu Labour Relations Act ya 1996, za kuvulala pa ntchito mu Workers' Compensation Act ya 2000, ndipo za penshoni mu Pension Act ya 2023. Chuma cha masiye chili m'lamulo la 2011 loyamba ndi mawu akuti Deceased Estates. Mawu awiriwo ndi okwanira polifufuza. Malo a makolo ali mu Customary Land Act ya 2016, ukwati ndi kutha kwake mu Marriage, Divorce and Family Relations Act ya 2015, ana ndi chithandizo chawo mu Child Care, Protection and Justice Act ya 2010, nkhanza za m'banja mu Prevention of Domestic Violence Act ya 2006. Kapitawo kapena bwana akamaumiriza mkazi chibwenzi kuti asunge ntchito, pitani ku Gender Equality Act ya 2013. Munthu akamangidwa, yambani ndi gawo 42 la Constitution, amene ndi malamulo aakulu a dziko lino, kenako Penal Code ndi Criminal Procedure and Evidence Code.

2. Pitani pa tsamba loyenera

Bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha sitsegula masamba ena. Mufunika bandulo ya intaneti wamba, ngakhale yaing'ono ya tsiku limodzi, chifukwa malamulo ndi mawu okhaokha ndipo sadya data ngati mavidiyo. Tsamba loyambira ndi malawilii.org, la Malawi Legal Information Institute. Ndi laulere ndipo lili ndi zigawo zitatu zimene mudzazifuna: Legislation ndiye malamulo, Judgments ndiye zigamulo za makhoti, Gazettes ndiye Gazeti ya boma. Lembani dzina la lamulo m'kabokosi kofufuzira, litseguleni, ndipo pangani dawunilodi PDF yake kuti ikhale m'foni. Chitani zimenezi muli pa Chitakale, pa Luchenza, pa Bvumbwe kapena pa boma pamene netiweki imagwira bwino, kuti mukakawerengere kumudzi osadalira intaneti.

Mukadzera pa Google, musaiwale kuwonjezera mawu akuti Malawi. Kenya ili ndi Employment Act yake ya 2007, Uganda ili ndi yake ya 2006, ndipo zimabwera pamwamba pa zotsatira. Amene anakhalako ku Joni amakonda kunena za CCMA. Limenelo ndi bungwe la ku South Africa ndipo lilibe mphamvu pa esiteti ya ku Thyolo. Tsamba loyamba la lamulo lathu limatchula Malawi, ndipo malamulo ambiri ali ndi nambala ya chaputala, monga Chapter 7:01 ya Penal Code.

Mapulogalamu oyankha mafunso monga ChatGPT ndi Meta AI angakuthandizeni kupeza dzina la lamulo kapena kumasulira mawu ovuta. Musawakhulupirire pa nambala ya gawo, pa kuchuluka kwa ndalama kapena pa dzina la mlandu. Amasakaniza malamulo a mayiko osiyana ndipo amatha kupeka gawo limene kulibe, akulilemba mwa chidaliro. Chilichonse chimene akuuzani, kachipezeni nokha pa malawilii.org. Mukapanda kuchipeza, chitayeni.

3. Werengani gawo lonse, osati mzere umene wakusangalatsani

Kumayambiriro kwa lamulo kuli mndandanda wa magawo. Musanathamangire gawo lanu, werengani kaye magawo awiri kapena atatu oyamba. Limodzi limanena amene lamulolo likuwakhudza: Employment Act, mwachitsanzo, sikhudza asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende kupatula ogwira ntchito wamba m'malo amenewo. Lina, lotchedwa Interpretation, limamasulira mawu, ndipo tanthauzo la pamenepo ndi limene khoti limatsatira ngakhale lisiyane ndi la tsiku ndi tsiku.

Mawu ochepa ndi amene amatembenuza chiganizo chonse. Shall akutanthauza kuti n'chokakamiza. May akutanthauza kuti wapatsidwa mwayi wochita kapena kusachita. Provided that, unless ndi except akukuuzani kuti zimene mwawerenga zili ndi pothera, ndipo subject to akukutumizani ku gawo lina limene liyenera kuwerengedwa limodzi. Google Translate ili ndi Chichewa, koma mawu amenewa ndi amene imasokoneza kwambiri, choncho awa muwayang'ane m'Chingerezi momwemo.

Tengani chitsanzo cha maola 48. Pafupifupi aliyense anamvapo kuti womangidwa ayenera kutengeredwa kukhoti pasanathe maola 48. Gawo 42 likunenadi zimenezo, koma likupitiriza kuti maolawo akathera kunja kwa nthawi ya ntchito kapena pa tsiku limene khoti silikhala, munthuyo apite tsiku loyamba limene khoti likhala. Womangidwa Lachisanu madzulo akhoza kufika Lolemba lamulo lisanaphwanyidwe. Womangidwa Lolemba amene wafika Lachisanu asanaonekere kukhoti, ameneyo ufulu wake waphwanyidwa. Mukapita kupolisi mukudziwa kusiyanaku, amakumverani. Ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere.

Yang'ananinso kumapeto kwenikweni kwa lamulo, kumene kumakhala ma Schedule. Manambala ambiri amabisala kumeneko. Ndalama zotchedwa severance allowance, zimene wogwira ntchito amalandira ntchito ikamuthera pa zifukwa zina, zatchulidwa m'gawo 35 la Employment Act, koma kawerengedwe kake kali mu First Schedule: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu kuyambira choyamba mpaka chachisanu, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi kuyambira cha 11 kupita m'tsogolo. Amene wagwira zaka 12 amawerenga motere: zaka zisanu zoyamba masabata 10, zisanu zotsatira masabata 15, ziwiri zomaliza masabata 8, pamodzi masabata 33. Ambiri amalakwitsa pochulukitsa zaka zonse 12 ndi masabata anayi.

Inu othyola tiyi amene mumalembedwa mvula ikayamba n'kuimitsidwa tiyi akachepa, werengani magawo 28 ndi 43. Gawo 43 likuti wolembedwa nyengo zotsatizana kwa bwana mmodzi, nthawi yonse imene wagwiradi ntchito imaphatikizidwa n'kutengedwa ngati yosadukiza. Gawo 28 likuti mgwirizano wa nthawi yochepa umatha wokha nthawiyo ikakwana, koma ngati cholinga chake n'kudzaza malo a ntchito yokhalitsa ya pakampanipo, umatengedwa ngati wopanda malire. N'chifukwa chake mapepala a malipiro a nyengo zonse ndi ofunika kusunga, ngakhale a zaka zakale.

4. Tsimikizani kuti lamulolo likadali moyo

Lamulo lili ngati mankhwala a m'botolo: dzina likhoza kukhala lolondola, koma muyenera kuyang'ana tsiku musanamwe. Pali mafunso asanu ndi limodzi, ndipo muwafunse onse.

Loyamba: kope ili ndi la liti? Pa malawilii.org, pamwamba pa lamulo pamakhala mzere wonena tsiku la kopelo. Malamulo ambiri pamenepo anachokera m'mabuku a Laws of Malawi amene anasonkhanitsidwa mpaka 31 Disembala 2014 kapena 31 Disembala 2017. Tanthauzo lake n'lakuti zosintha zonse zimene zinachitika tsikulo lisanafike zilimo, koma za pambuyo pake zikhoza kusakhalamo. Lembani tsikulo m'kope lanu. PDF yolandira pa WhatsApp imene ilibe tsiku lililonse muiyese mphekesera mpaka mutaiyerekeza ndi ya pa tsambalo.

Lachiwiri: kodi linasinthidwa pambuyo pa tsikulo? Lembaninso dzina la lamulo m'kabokosi kofufuzira n'kuwonjezera mawu akuti Amendment. Lamulo losintha limakhala lalifupi ndipo silimveka palokha, chifukwa limangoti m'gawo lakutilakuti chotsani mawu awa, ikani awa. Muyenera kutsegula onse awiri, lalikulu ndi losinthalo, n'kulemba gawolo m'kope monga likumvekera litasinthidwa. N'zotopetsa, koma palibe njira yachidule. Employment Act inasinthidwa mu 2010 ndi mu 2021. Isanafike 2010, gawo 35 linkapereka severance allowance mgwirizano ukathetsedwa ndi bwana kapena mogwirizana mbali zonse. Kuyambira 2010 imaperekedwa pokhapokha pamene ntchito yatha chifukwa chochepetsa antchito, mavuto a zachuma kapena kusintha kwa kayendetsedwe ka kampani, kapena pamene munthu wachotsedwa mopanda chilungamo. Kope la 2000 likadali pa intaneti, ndipo limapatsa anthu chiyembekezo cha ndalama zimene sadzalandira. Kusintha kwa 2021 nako kunabweretsa tchuthi cha masabata awiri kwa abambo mkazi akabereka, chimene simungachipeze m'kope la 2014. Malamulo a malo a 2016 nawonso anasinthidwa mu 2022.

Ngakhale Constitution imasinthidwa. Makope akale akuti mwana wa zaka zapakati pa 15 ndi 18 akhoza kulowa m'banja makolo akavomera. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, koma popeza gawo 5 la Constitution likuti lamulo lililonse losemphana nayo lilibe mphamvu, mpata unalipobe mpaka mu 2017 pamene Nyumba ya Malamulo inasintha Constitution yomwe. Lero palibe chilolezo cha kholo, cha mwini mbumba kapena cha mfumu chimene chingaloleze ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Wina akakuonetsani gawo 22 lakale pofuna kuteteza ukwati wotere, muonetseni tsiku la kope lakelo.

Lachitatu: kodi linayamba kugwira ntchito? Bilu si lamulo. Imakambidwa ndi aphungu, ikavomerezedwa imapita kwa Pulezidenti kuti asaine, kenako imasindikizidwa mu Gazeti, ndipo malamulo ambiri amadikiranso kuti nduna ilengeze tsiku loyambira. Access to Information Act inavomerezedwa ndi aphungu mu Disembala 2016, inasainidwa mu Febuluwale 2017, koma inayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Customary Land Act ya 2016 inayamba mu 2018. Mukamva pa wailesi kuti "aphungu avomereza", dziwani kuti ulendo ukadalipo. Pa lamulo lenilenilo fufuzani mawu akuti commenced on kapena commencement, ndipo ngati papepala palembedwa Bill, musaligwiritse ntchito ngati lamulo.

Lachinayi: kodi linafafanizidwa? Mawu ake ndi repealed. Wills and Inheritance Act inalowedwa m'malo ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011, koma m'midzi mukadali anthu amene amagawa katundu potengera kagawidwe kakale, kamene kankapatsa achibale a malemu gawo lalikulu kumadera a chikamwini ngati kuno. Lamulo la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi amene ankadalira malemuyo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wa kupolisi. Pension Act ya 2011 nayo inalowedwa m'malo ndi ya 2023. Njira yodziwira n'kutsegula lamulo latsopano kumapeto, pamene pamakhala gawo lotchula malamulo amene lafafaniza.

Lachisanu: kodi khoti linathetsa gawolo? Apa m'pamene ngakhale kope labwino limasocheretsa, chifukwa khoti likanena kuti gawo likusemphana ndi Constitution, mawu ake amakhalabe m'buku mpaka aphungu atawachotsa. Mlandu wa vakabu ndi chitsanzo. Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, anamangidwa mu 2015 ku Blantyre akupita kumsika m'bandakucha. Pa 10 Januwale 2017 High Court inagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, limene apolisi anamumangira, n'losemphana ndi Constitution. Wowerenga Penal Code ya 2014 yokha sangadziwe zimenezi. Choncho mukapeza gawo lanu, pitani ku Judgments, lembani dzina la lamulo ndi nambala ya gawolo, muone zimene makhoti ananenapo.

Lachisanu ndi chimodzi: kodi nambala imene mukufuna ili m'lamulo, kapena ili m'chidziwitso cha boma? Malipiro otsikitsitsa sali mu Employment Act. Nduna imawalengeza kudzera mu Government Notice ya mu Gazeti, ndipo amasintha: anali K50,000 pamwezi kuyambira 2021, nakwera kufika K90,000 mu 2024. Musadalire nambala ya m'nkhani yakale kapena ya m'malangizo anowa. Funsani yatsopano ku ofesi ya leba. Ndi mmenenso zilili ndi ndalama zolipira kukhoti ndi mafomu, zimene zimakhala mu Rules ndi Regulations.

Mukayankha mafunso onsewa, lembani m'kope mzere umodzi: dzina la lamulo, chaka, gawo, tsiku la kope, zosintha zimene mwapeza, ndi tsiku limene mwawerenga. Mukajambula sikirini, jambulani ndi mutu wa tsamba womwe kuti dzina ndi tsiku zioneke.

5. Chigamulo chiwerengeni kuyambira kumapeto

Pamwamba pa chigamulo pali zilembo zosonyeza khoti: MWSC ndi Supreme Court of Appeal, MWHC ndi High Court, MWIRC ndi Industrial Relations Court, khoti lozenga milandu ya za ntchito. Supreme Court ikanena, makhoti onse apansi amatsatira. High Court imatsatiridwa ndi makhoti a majisitireti, ngati a pa boma la Mulanje ndi Thyolo, komanso ndi khoti la za ntchito.

Yambani ndi ndime zomaliza kuti mudziwe amene anapambana ndi zimene khoti linalamula, kenako bwererani kumayambiriro. Cholakwika chofala n'kutenga mawu a loya wa mbali imodzi ngati a jaji. Jaji amayamba wafotokoza zimene mbali iliyonse inanena, ndi mawu monga counsel submitted kapena it was argued. Maganizo ake amayambira pamene akuti I find, I hold kapena it is ordered. Onaninso ngati nkhaniyo ikufanana ndi yanu: chigamulo cha kalaliki wa zaka 20 pa ntchito yokhazikika sichingayankhe zonse za wothyola tiyi wa nyengo zitatu.

Kenako fufuzani ngati panachitika apilo kapena chigamulo china pambuyo pake. Mu Epulo 2021 kunamveka kuti Supreme Court yathetsa chilango cha imfa pa mlandu wa Khoviwa. Mu Ogasiti chaka chomwecho khotilo linatulutsa chigamulo chomalizidwa chosonyeza kuti majaji ambiri sanagamule choncho. Nkhani za mu Epulo zikadali pa intaneti ndipo anthu amazigawanabe.

6. Werengerani masiku pompano

Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo pabwalo la mfumu zimatheka. Kukhoti milandu yambiri yofuna chipukuta misozi ili ndi malire a nthawi, ndipo nthawiyo imayenda inu mukuwerenga pa foni. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti akadandaule kwa District Labour Officer, malinga ndi gawo 62 la Employment Act. A leba akalephera kuyanjanitsa pa mwezi umodzi, nkhaniyo ikhoza kupita ku Industrial Relations Court, imene kwa ife yapafupi ili ku Blantyre. Apilo yochokera ku khotilo kupita ku High Court ili ndi masiku 30. Limitation Act imapereka zaka zitatu pa milandu ya kuvulazidwa m'thupi ndi zaka zisanu ndi chimodzi pa ya ngongole ndi mapangano. Malipiro otsala ntchito ikatha ayenera kuperekedwa pasanathe masiku asanu ndi awiri.

Malonjezo apakamwa akuti "bwerani mwezi wamawa tikonza" saimitsa miyezi itatu ija. Kadandauleni kaye ku leba, mulandire kalata kapena chidindo chosonyeza tsiku, kukambiranako kuzipitirira pambuyo. Pokonzekera, werengani magawo 57 ndi 61: bwana ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka, ayenera kukupatsani mwayi wodziteteza ngati akukuimbani mlandu wa khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, ndipo udindo wosonyeza chifukwacho ndi wake.

7. Zimene sizili pa intaneti

Si zonse zili pa foni. Zigamulo za makhoti a majisitireti sizipezeka kawirikawiri. Kope la chigamulo cha mlandu wanu mumalipempha kwa kalaliki wa khoti lomwelo. Malamulo a makhonsolo a Mulanje, Thyolo ndi Luchenza, monga a misonkho ya m'misika, muwapemphe ku khonsolo. Malipiro ndi zina za ogwira ntchito m'minda ya tiyi zimakambidwa pakati pa Tea Association of Malawi ndi bungwe la ogwira ntchito la PAWU, ndipo mgwirizano wawo woyamba unasainidwa mu 2016. Mgwirizanowo ukhoza kupereka zoposa za mu Employment Act, choncho funsani woimira yuniyoni pa esiteti yanu kuti akuonetseni umene ukugwira ntchito chaka chino.

Ofesi ya boma ikakana kukuonetsani chikalata, gwiritsani ntchito Access to Information Act. Lembani kalata kwa information officer wa ofesiyo, tchulani chikalatacho momveka, sungani kope lodindidwa tsiku. Ayenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo bungwe loyang'anira lamuloli ndi Malawi Human Rights Commission.

Malamulo amene mafumu ndi anthu awo amapangana m'midzi, monga chindapusa cha mbuzi kwa kholo losatumiza mwana kusukulu, ali ndi ntchito yake. Koma sangapose malamulo a Nyumba ya Malamulo, ndipo milandu monga kugwirira mwana siyenera kuthera pabwalo la mfumu.

8. Pitani nazo kwa wodziwa, ndipo pophunzitsa ena samalani

Zimene mwawerenga zikukuthandizani kufunsa mafunso oyenera ndi kukana kunamizidwa. Sizikulowa m'malo mwa uphungu wa munthu amene waona mapepala anu. Za ntchito, pitani ku leba. Za chuma cha masiye, ofesi ya DC. Za nkhanza, Victim Support Unit ya kupolisi. Amene sangakwanitse kulipira loya apite ku Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Amafunsa za kapezedwe kanu, choncho tengani umboni wake. Ma paralegal (othandiza pa za malamulo amene si maloya) a bungwe la PASI amathandiza omangidwa kupolisi, kukhoti ndi kundende, ndipo maofesi a NICE a m'maboma angakulozereni koyenera. Madobadoba oima pakhomo la khoti n'kumalonjeza kuti akudziwana ndi woweruza muwapewe. Wodzitcha loya mumufunse dzina lonse, muliyang'ane pa mndandanda wa maloya a ziphaso umene Malawi Law Society imatulutsa. Kukhoti muli ndi ufulu womva mlandu wanu m'chilankhulo chimene mumamva. Wozengedwa mlandu akapanda kumva, boma liyenera kupereka womasulira.

Musaike mapepala a mlandu, mayina a ana kapena zoneneza munthu pa Facebook pofuna uphungu. Zikhoza kuononga mlandu wanu kapena kukubweretserani wina. Mukafuna kufunsa pa gulu, fotokozani nkhaniyo popanda mayina.

Ambiri a inu mudzatenga zimenezi kupita nazo ku VDC, ku banki mkhonde, ku bungwe la amayi la kutchalitchi kapena kumzikiti. Tengani nkhani imodzi pa msonkhano umodzi. Werengani gawolo m'Chingerezi monga lilili, kenako limasulireni m'Chichewa kapena m'Chilhomwe, ndipo munene poyera kuti kumasulirako ndi kwanu. Tchulani dzina la lamulo, gawo ndi tsiku la kope kuti wina akathe kukatsimikiza yekha. Mukatumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp, yambani ndi tsiku limene mukulankhula, popeza uthengawo udzazungulirabe lamulo litasintha. Musaweruze nkhani ya munthu pagulu mutangomva mbali imodzi. Muuzeni ofesi yoti apiteko.

Pomaliza msonkhano musafunse kuti "mwamva?", chifukwa onse adzavomera. Sankhani anthu awiri kapena atatu, apatseni chitsanzo, monga cha mayi wochotsedwa ntchito pa 10 Malichi, ndipo afunseni kuti apite ku ofesi iti, atenge mapepala ati, ndipo tsiku lomaliza lodandaula ndi liti. Akalephera kutchula 10 Juni, bwerezani mbali ya masiku asanabalalike, ndipo lembani m'kope pamene anasokonezeka kuti msonkhano wotsatira muyambire pomwepo.